Mawa pa Depoti Undiyankhe Mokweza

Kwa Chiosya, Mchinji
Lamulungu masana

Felesiya mwana wanga,

Ndakhala pakhonde pano iwe utapita kukatsanzika anzako a kwaya, ndiye ndati ndilembe. Ndikamalankhula nawe maso ndi maso umangoweramitsa mutu n'kumati "ndamva amayi," ine n'kumaona ngati ndikulangiza mtondo. Kalatayi sindiika m'sutikesi kuti ukaiwerengere ku Blantyre ayi. Ndiisiya pa mkeka wako kuti uiwerenge lero lomwe, chifukwa muli nkhani ya mawa m'mawa, ndipo sindifuna udzanene kuti ndinakudzidzimutsa.

Tiyambe ndi chimene tonse tikuchidziwa koma palibe akuchitchula m'nyumba muno. Ku koleji ya zamalonda kuja sanakulandire ndi manja awiri. Akutenga mongokuyesa. Unandiuza wekha utabwerako ku mayeso olowera kuti zolemba unakhoza bwino, koma atakuimika pamaso pa aphunzitsi kuti ulankhule Chingerezi mawu anakana kutuluka, mpaka mayi wina anachita kusendeza mpando kuti amve chimene ukunong'ona. Anakuuza kuti pakutha pa teremu yoyamba adzakuimikanso, ndipo ukadzakhalanso chete adzakubweza kwanu. Ndiye usayembekeze kuti ndikuuza za anyamata a m'tauni, za kuchapa zovala kapena za kupemphera usanagone. Zimenezo amayi a kutchalitchi akuuza kale mpaka makutu kuwawa. Nkhani yanga ndi imodzi, ndiyo pakamwa pakopo.

Atsibweni ako a Lazaro anabwera dzulo iwe uli kuchigayo. Anati, "Mlongo, mwanayu mukungomuvutitsa. Chalaka bakha nkhuku singatole. Ana a mabwana amene anayamwira Chizungu akulephera kumeneko, ndiye wa kwa Chiosya akatani? Pofika Khirisimasi abwerera ndi sutikesi yake yomweyo." Ndinawapatsa mpando, ndinawapatsa thobwa nditagwada monga mwa mwambo, ndipo atamwa ndinati, "Alongo, nkhuku yangayo ndikuidziwa ndine." Anaseka. Udziwe kuti ali naye kale m'maganizo munthu woti akukwatire, bambo wa golosale uja amene mkazi wake anamuthawa. Akungodikira kuti ubwerere wamanyazi kuti nkhani yake iyende mosavuta. Ine ndawauza kuti adikira mpaka ndevu zifike pamchombo.

Chaka chimene Chipewa anabwera koyamba unali ku pulayimale, sindikudziwa ngati ukukumbukira bwino. Matipate atabwera, misika ya boma ija inayamba kutsekedwa umodziumodzi, ife n'kutsala m'manja mwa mavenda a masikelo onama. Amayi a kuno tinapanga kalabu ya mtedza, ndipo anasankha ine kukhala wapampando, mwina chifukwa cha pakamwa panga pomwepa. Kenako tinamva kuti kukubwera mzungu wogula mtedza wotumiza kunja. Tinamutcha Chipewa chifukwa cha chimene ankavala kumutu, chotambalala ngati lichero. Anabwera ndi womasulira, a Jailosi, bambo wa ku Lilongwe wa tayi ndi nsapato zosongoka.

Tsiku limenelo tinasesa shedi ya kalabu, tinabwereka mipando kusukulu, tinapha nkhuku. Galimoto ikufika, amayi tonse tinali kumoto. Ine wapampando ndinatenga beseni ndi jagi, n'kukagwada pamaso pa mlendo kumusambitsa m'manja. Anandithokoza bwinobwino monga momwe munthu amathokozera wophika. Pa mipando panakhala amuna athu ndi alongo athu, anthu oti mtedza amangoudziwa ukakhala wokazinga, ife eni kalabu tili pa mphasa kumbuyo. Asanalowe m'shedi, Chipewa ndi a Jailosi anaima nthawi yaitali pansi pa mtengo wa mango pamene panali galimoto, akucheza, akuseka, akumenyana pamapewa. Ife tinkati asiyeni alendo apume, si bwino kumufulumizitsa munthu wochokera kutali. Atalowa, nkhani inali yaifupi. A Jailosi anati, "Bwana akuti agula mtedza wabwino, wouma, wosankhidwa." Ife nthungululu kuti lilili, ena mpaka kuvina.

Titakolola tinachita monga anatiphunzitsira amayi athu. Tinkawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe, tiswe msanga zala zisatupe. Ndani kuno sankachita zimenezo? Tinauyanika pang'ono, tinasankha, tinathira m'matumba. Lole itabwera, inabwera ndi kamakina koyezera chinyezi. Anabaya thumba loyamba, lachiwiri, lachitatu, akupukusa mutu. Akuti mtedza wonyowetsedwa umagwira chuku, ndipo wachuku kunja salandira. Matumba athu ambiri anabwerera pa ngolo ya abambo ako, ng'ombe zikukoka katundu yemweyo amene zinapita naye. Tinakagulitsa kwa mavenda omwe aja, akutiseka. Chaka chimenecho ana a anzanga ena anasiya sukulu, ndipo amayi ankandiyang'ana ine, popeza ndinali ine mtsogoleri.

Patapita miyezi ndinakumana ndi a Jailosi pa boma, pafupi ndi msika. Ndinawaimitsa. Ndinati, "Bambo, bwanji simunatiuze za madzi?" Iwo anati, "Aa, mayi, zimenezo bwana ananena pagalimoto paja. Anati asamanyowetse poswa. Ine ndinkaona ngati mukudziwa kale." Ndinati, "Nanga munkaseka chiyani nthawi yonse ija?" Anati, "Timangocheza, za mpira, za mathithi a ku Livingstone, anandifunsanso za mitsinje ya kuno. Za mtedza zinangolowa pakati." Ndinaima pamsewu paja ngati wandiwaza madzi ozizira. Ndinazindikira kuti malonda a anthu amenewa amapsera panja pa macheza, m'nyumba amangodzapakula. Ndipo pa macheza amenewo safika munthu wogwira beseni, safika munthu wosadziwa chinenero chawo, safikanso munthu amene alibe kanthu kocheza kupatula mvula ndi maliro a m'mudzi mwake. Ndinakwiya, Felesiya. Ndinakwiya kuchokera pa boma mpaka kwa Chiosya, ndipo mkwiyo umenewo sunathe mpaka lero.

Usandimve molakwa. Ndinakulera ndine, ndipo ndinakuphunzitsa kugwada, kulandira ndi manja awiri, kusayang'ana wamkulu m'maso, kusalowerera akulu akamalankhula. Sindikupepesa pa zimenezo, ndipo ukadzabwera pa holide n'kuwapatsa abambo ako madzi uli chilili, ndidzakubweza nawo. Koma ulemu uli ndi malo ake. Tsiku lija ndinagwada pamalo oti ndikhale pampando, ndipo amene analipira kugwada kwangako ndi ana a anzanga. Ku koleji kuja akakuimika kutsogolo, si pabwalo la milandu, si kwa apongozi. Ukaweramitse mutu kumeneko, palibe adzanene kuti mwanayu ndi waulemu. Adzati sadziwa kanthu. Ukadzutse mutu, ukakweze mawu.

Ukukumbukira mmene tinayambira? Ndinabwera kunyumba tsiku limene ndinakumana ndi a Jailosi pa boma lija n'kukuuza kuti chilichonse chimene uziphunzira kusukulu cha Chingerezi uzidzandigawirako. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma mutu sindinausiye kumeneko. Tinkatsegula wailesi pa pulogalamu ya Chingerezi ndi ya mafunso a ana asukulu, abambo ako akuyanika mabatire padzuwa kuti atipirire tsiku lina. Nyuzipepala zakale zimene amalonda a ku Chipata ankakulungira katundu ndinkazipempha, n'kuziwongola ndi mbale, iwe n'kumandiwerengera tsamba la zamalonda. Tinkaswa mtedza wouma gwa, wopanda dontho la madzi, zala titakulunga tinsanza, iwe ukufunsa ine ndikuyankha, ine ndikufunsa iwe ukuyankha. Phiri lalitali mu Afirika. Mtsinje wautali. Likulu la dziko lakuti. Oda ndi chiyani, sampulo ndi chiyani, dipoziti ndi chiyani. Nthawi imeneyo mawu ako ankamveka mpaka kuchitsime, ndipo ukandipeza ndalakwa unkaseka mpaka kugubuduka pa makoko.

Anthu ananena zambiri. Anandipatsa dzina loti Madamu. Ndikamadutsa ndi mtolo wa nkhuni, ena ankafuula kuti "Gudumoningi Madamu!" ngakhale dzuwa likulowa. Ine ndinkayankha, ndipo ndinkayankha mokweza kuposa iwo. Abambo ako okha ndiwo sanandinyoze, ngakhale nawo anali ndi njira yawo. Atagula ng'ombe yatsopano ija anaitcha Kontilakiti, akuti chifukwa mawu amenewo anawamva m'nyumba muno kuposa dzina lawo lomwe. Mpaka lero akamakwapula pa ngolo n'kumati "Tiye Kontilakiti!" anthu a pamsewu amatembenuka.

Ng'ombe zomwezo ndi zimene zinandithandiza kumvetsa chinthu chimene chinkakuvuta kundifotokozera. Unkati m'Chingerezi cha malonda mawu ena amayenda awiriawiri, sungangotenga lililonse n'kuliphatika pa linzake. Ine ndinkati bwanji, si onse ndi mawu? Tsiku lina ndinaona abambo ako atamanga Kontilakiti pa goli limodzi ndi ng'ombe yobwereka. Iyi ikukokera kuno, iyo ikukokera uko, ngolo inakathera m'ngalande. Ndinati ohoo, ndi zimenezi. Ndiponso ife tili nazo zomwezo, kungoti sitiziona. Mtedza timaswa, chimanga timatong'ola, fodya timathyola, mbatata timakumba. Mlendo atabwera n'kunena kuti akukathyola mbatata, tingamumve, koma tidziwa kuti sanalimepo. Ndiye kumeneko usamaloweze liwu lokhalokha ngati mbuzi yosokera. Uziligwira pamodzi ndi mnzake amene limayenda naye, ndipo uzilitchula mokweza, posamba, pochapa, poyenda, mpaka lilime lizolowere goli. Liwu limene lili m'kope mokha silinakhale lako.

Zining'a zawo nazo uzisamale. Unandiphunzitsa china chonena za mpira ndi bwalo, chotanthauza kuti tsopano woyankha ndiwe, ndi china cha kansalu kofiira chonena za kuzengereza kwa m'maofesi. Ndinaseka tsiku limenelo, ndinati kani nawonso amazungulira ngati ife. Chining'a sachidula pakati, ndipo sachithira paliponse. Ndi mchere, pang'ono pokha. Munthu akakuponyera chimene sukuchidziwa, usagwedeze mutu ngati wamva. Kugwedeza mutu n'kumene kunatibwezera matumba. Umufunse kuti akutanthauza chiyani, ndipo akakuyang'ana modabwa umufunsenso. Safunsa anadya phula.

Ndikuuzenso ya pa malire, ngakhale umaidziwa, chifukwa abambo ako sasiya kuikamba. Nditaloweza mafunso ambiri aja, mutu unandikula. Tsiku lina ndikupita ku Chipata kukaoda zitenje, ndinati lero ndiyeserera macheza pa munthu weniweni. Ndinapeza bambo wa yunifolomu pachipata, ndinamupatsa moni wa Chingerezi, anayankha bwino. Basi ine ndinamasula thumba lonse. Ndinamuuza za Kilimanjaro, ndinamuuza za mtsinje wa Nile, ndinamufunsa ngati akudziwa likulu la dziko la Canada. Bamboyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Amai, mufuna chani kansi? Mubisa chani mu chola?" Anandikhutulitsa chikwama chonse pansi, mpaka kamba wanga wa chinangwa, anzanga a paulendo akufa ndi kuseka. Pamenepo ndinaphunzira kuti macheza si mayeso. Zimene ukudziwa za dziko ndi zoti mnzako akatsegula nkhani usakhale bubu, ndiponso kuti udziwe chomufunsa. Uzimufunsa za kwawo, uzimvetsera, uziponyapo kamodzi. Koma ona, ngakhale anandiseka, mlungu wotsatira ndinadutsanso pachipata pomwepo, ndipo ndinamupatsanso moni wa Chingerezi.

Tsopano ndifike pa tsiku limene iwe sufuna kulikumbukira, ndipo sitinalikambepo chichitikireni. Chipewa atabweranso, iwe uli Fomu 3, ndinali nditalumbira. Ndinauza amayi kuti kuphika aphike ena, beseni agwire ena. Galimoto itaima pansi pa mango paja ndinapita komweko, nditavala chitenje chatsopano. A Jailosi anati, "Mayi, kakonzeni m'kati, tikubwera." Ndinati, "M'kati mwakonzedwa kale, bambo. Ine ndabwera kumacheza." Ndinapatsa Chipewa dzanja nditaimirira. Ndinamufunsa za ulendo. Ndinamufunsa ngati kwawo kwayamba kuzizira, popeza tinali titaphunzira kuti kuno kukamatentha kwawo kumalowa chisanu. Anadabwa, anavula chipewa chija, n'kuyankha zambirimbiri zimene ndinatolapo zochepa. Koma ndinali pamenepo, ndipo sindinachoke mpaka tonse tinanyamuka limodzi.

M'shedi muja atsibweni ako anali atagwira kale mpando wapakati. Ndinati, "Pepani alongo, umenewo ndi wanga lero." Nkhope yawo ija sindidzaiiwala. Nthawi yolankhula itakwana ndinaimirira kuti ndinene mawu amene tinakonza nawe masabata ambiri. Mzere woyamba unatuluka bwino. Wachiwiri ng'ombe zanga zonse zinamasuka pa goli, iyi kuthamangira uku, iyo uko. Amene anayamba kuseka ndi a Jailosi, kenako amuna a pa mipando, kenako ana asukulu amene anadzaza pa mawindo. Iwe unali pakhomo ndi ndowa ya thobwa. Ndinakuona ukuitula pansi, ukuphimba nkhope ndi chitenje, n'kutembenuka. Kuseka konse kuja ndinakupirira, koma msana wako uja unandilasa, ndipo ukundiwawabe.

Unachoka gule asanathe, mwana wanga, ndiye lero umve mmene anathera. Sindinakhale pansi, ndipo pa mphasa sindinabwerere. Ndinaima chomwecho mpaka kuseka kunatha, chifukwa kuseka kumatha, munthu sangaseke mpaka madzulo. Kutati zii ndinabwereza mawu omwe aja, othyokathyoka momwemo. Ndinati chilichonse chokhudza mtedza wathu chinenedwe muno, pamaso pa amayi amene amauswa, osati pagalimoto. Chipewa sanaseke. Anayamba kufotokoza pang'onopang'ono, za kuyanika, za kusankha, za matumba, a Jailosi akumasulira chiganizo ndi chiganizo chifukwa tsopano ankadziwa kuti pali khutu lina likutolako. Ndisakunamize kuti ndinapambana zonse. Mtengo sanakweze, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti pali zina zimene ndikanapempha ndikanadziwa mawu ake. Koma chaka chimenecho palibe thumba limene linabwerera pa ngolo. Amayi omwe ankanditcha Madamu monyoza akunditchabe Madamu, koma kamvekedwe kake kanasintha.

Iwe unangotenga kuseka kokha n'kukusunga mumtima. Kuyambira tsiku limenelo Chingerezi chako chinalowa m'kope. Ndikakufunsa funso poswa mtedza unkati mutu ukukupweteka. Ndinkadziwa kuti si mutu. Unaona amayi ako akusekedwa ndi mudzi wonse, ndipo unalumbira kuti iwe zisadzakuchitikire. Ndikanatha kukuuza kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, koma sindibisala kumbuyo kwa mwambi. Unachita nane manyazi, ndikudziwa, ndipo unali mwana. Chimene chikundipweteka si manyaziwo ayi. N'chakuti unaphunzirapo phunziro lolakwika.

Ndinazionera ndekha chaka chatha pa mpikisano wa mafunso wa masukulu pa boma. Sunadziwe kuti ndibwera. Ndinakwera njinga ya kabaza, n'kukakhala kumbuyo kwenikweni kwa holo, pafupi ndi chitseko. Atafunsa likulu la dziko la Australia ndinati ili ukulidziwa, chifukwa limenelo tinaliswera limodzi mtedza, ndipo ndiwe unandiuza kuti ambiri amatchula mzinda wolakwika. Ndinaona milomo yako ikugwedera. Unapendekera kwa mnyamata wa pambali pako n'kumunong'oneza. Iye anaimirira, anatulutsa chifuwa, anayankha, holo yonse m'manja phwaphwaphwa. Zinapitirira choncho masana onse, iwe kunong'ona, iye kuimirira. Pomaliza aphunzitsi aakulu anamugwira dzanja mnyamatayo n'kunena kuti sukulu yathu ili ndi mutu. Iwe unkaomba nawo m'manja. Ine ndinatuluka ndisanakupatse moni chifukwa misozi inali itayamba. Ndinaona ine wa pa mphasa uja atabadwanso mwa mwana wanga, ndipo a Jailosi ako unali utawapeza kale.

Ndiye tamvera, Felesiya. Usadzalole munthu wina kukhala pakamwa pako. Kaya ndi mnzako wa m'chipinda, kaya ndi mnyamata wolankhula ngati wailesi, kaya ndi mwamuna amene udzakwatiwe naye. Womasulira ngakhale akhale wabwino mtima amasiya zina panjira, osati mwa nkhanza, koma chifukwa zala zimene zimatupa si zake. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ku Blantyre adzakuseka, zimenezo usakayike. Adzaseka katchulidwe kako, adzaseka nsapato zako, adzafunsa ngati kwa Chiosya kumafika galimoto. Uziwasiya aseke, uziwayang'ana, akamaliza uzibwereza chimene unanena. Ine ndinayesa, zimagwira ntchito.

Uziwerenga nyuzipepala iliyonse imene waipeza, ngakhale tsamba la mpira limene sulikonda, chifukwa sudziwa khomo limene mnzako wa malonda adzatsegule. Koma pophunzira mitsinje ya eni, usaiwale Bua. Akakufunsa za kwanu usati "ndi kumudzi basi" ngati ukupepesa. Uwauze kuti boma lathu kale linkatchedwa Fort Manning, kuti ife Zambia timapita ndi njinga, kuti mtedza wa Chalimbana umene amakazinga m'misewu yawo wina umachokera m'minda ya amayi ako. Munthu wopanda nkhani ya kwawo pa macheza amangokhala womvera.

Ndikuuziretu za Khirisimasi, popeza atsibweni ako aitchula. Ukakaimirira pamaso pa aphunzitsi aja, n'kulankhula mokweza, n'kulakwitsa, iwo n'kukubweza, ubwere. Ndidzakuchingamira pa boma ndi nthungululu, tidzapha nkhuku, tidzayambiranso, ndipo wa golosale uja adzadutsa pa mtembo wanga. Koma ukakabwezedwa chifukwa unakhala chete uli ndi yankho m'kamwa, chitseko ndidzatsegula chifukwa ndine mayi, koma ndilibe mawu amene ndidzawayankhe a Lazaro. Udzakhala utandivula pamaso pawo. Sindikupempha kuti ukakhoze, zimenezo ndi za Mulungu ndi mutu wako. Ndikupempha kuti akakumve.

Tsopano nkhani ya mawa. Tinyamuka pa ngolo m'mamawa kukakwera galimoto ya ku boma, ndipo atsibweni ako akuti atiperekeza mpaka pa depoti, ndikudziwa kuti akufuna akaone ngati ulira. Ukamatsanzika iwo ndi abambo ako ugwade, uwalemekeze monga ndinakulerera. Koma ukakwera minibasi ya ku Lilongwe n'kukhala pa windo, ine ndidzaima panja pakati pa oitanira, ogulitsa mandasi ndi a kabaza, ndipo ndidzakufunsa funso m'Chingerezi changa chothyokachi, ndi mawu onse amene Mulungu anandipatsa. Ndidzakufunsa likulu la dziko la Australia.

Anthu adzatembenuka. Oitanira adzaseka, umawadziwa pakamwa pawo. Atsibweni ako adzayang'ana kumbali ngati sakundidziwa. Ine ndidzangoima, ndipo ukakhala chete ndidzafunsanso, mokweza kuposa poyamba. Ukanong'ona ndidzati sindinamve. Ukauza wokhala naye pampando kuti andiyankhire, ndidzamuuza kuti sindinabale iye. Minibasi ikanyamuka usanayankhe, ndidzamanga chitenje n'kuthamanga nayo m'mbali ndikufuula, mayi wamkulu ngati ine, mpaka pamene miyendo idzandikanire, ndipo boma lonse lidzakamba za Madamu wa kwa Chiosya mpaka chaka chamawa. Umandidziwa, sindinena zoseweretsa.

Ndiye usankhe wekha. Ungathe kundisiya ndisekedwe ndekha kachiwiri, kapena utsegule windo, udzutse mutu, tisekedwe awiri. Yankho ukulidziwa.

Ndine mayi ako amene sadzabwereranso pa mphasa,

Nambewe